Ara Güler, diso lomwe linasunga Istanbul wakale

M'chaka cha 1952, nyuzipepala ya Jamanak, ya m'chinenero cha Chiameniya, inasindikiza zithunzi za asodzi a ku Kumkapı, dooko la m'mphepete mwa nyanja ya Marmara mumzinda wa Istanbul. Anazijambula ndi mnyamata wina yemwe ankalawirira m'bandakucha kukadikira mabwato. M'zithunzimo muli amuna a nkhope zotopa akusoka maukonde, ena akukocheza dzuwa lisanatuluke. Sipanapite zaka zambiri, boma la Adnan Menderes linalambula msewu waukulu m'gombemo, ndipo dooko lija linafafanizika. Lero wofuna kuona Kumkapı wa asodziwo amamupeza m'zithunzi za Ara Güler.

Güler anabadwa pa 16 Ogasiti 1928 ku Beyoğlu, m'banja la Chiameniya. Bambo ake anali ndi sitolo ya mankhwala. Iye poyamba mtima unali pa zisudzo ndi mafilimu, koma mu 1950 analowa ntchito ku nyuzipepala ya Yeni İstanbul, ndipo kamera sanaisiyenso. Pofika 1958 anali akujambulira Time-Life, kenako Paris Match ndi Stern. Anadziwana ndi Henri Cartier-Bresson wa Magnum Photos. Anajambula Pablo Picasso, Salvador Dalí, Winston Churchill ndi Indira Gandhi.

Koma kwa ine, maina akuluakuluwa si amene amamusiyanitsa ndi anzake. Picasso anajambulidwa ndi anthu ambirimbiri. Nanga wonyamula katundu wa pa mlatho wa Galata, yemwe kumeneko amati hamal, atawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kufika m'maondo, akanamukumbukira ndani? Güler ankaima pomwepo, pakati pa utsi wakuda wa sitima zowolotsa anthu pa Bosphorus, n'kudikira. Ankajambula ana akusewera pafupi ndi manda akale, amuna atazinga tebulo m'nyumba ya tiyi, ngolo ya hatchi itakumana ndi tramu mumsewu wa chipale chofewa. Nthawiyo Istanbul anali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Lero apitirira 15 miliyoni. Matramu akale a ku Beyoğlu anachotsedwa mu 1961, mlatho wa Galata womwe ankaukonda unapsa mu 1992, ndipo nyumba zamatabwa zambiri zinagwetsedwa. Sanabisenso zowawa: anajambula masitolo ophwanyidwa pa zipolowe za pa 6 ndi 7 Seputembala 1955, pomwe magulu a anthu anaukira makamaka Agiriki a mumzindawo.

Anthu anamupatsa dzina loti Diso la Istanbul, koma iye ankakana kwamtuwagalu kutchedwa mmisiri wa zaluso. Ankati ndi mtolankhani, wolemba mbiri ndi zithunzi. Ndikuona kuti apa ndi pomwe panagona mphamvu yake. Munthu wosaka kukongola kokha akanajambula mzikiti n'kupempha wogulitsa nsomba kuti apatuke. Güler ankafuna wogulitsa nsombayo akhale patsogolo, mzikiti uonekere kumbuyo kwake.

Diso lomweli linamuthandiza mu 1958 atasochera usiku m'chigawo cha Aydın. Anafikira m'mudzi wa Geyre, ndipo anadabwa kuona anthu akugwiritsa ntchito miyala yosemedwa m'nthawi ya Aroma ngati matebulo ndi mipando. Zithunzi zake zinatchukitsa mabwinja a mzinda wakale wa Aphrodisias, omwe anali pamudzipo. Katswiri wofukula zakale Kenan Erim anayamba kufukula malowo mu 1961, ndipo mu 2017 UNESCO inawaika m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko lonse.

Orhan Pamuk, mlembi yemwe anapata mphoto ya Nobel mu 2006, anaika zithunzi zambiri za Güler m'buku lake lonena za Istanbul ndi ubwana wake. Güler atakalamba ankapezeka kawirikawiri pa Ara Kafe ku Galatasaray, pafupi ndi pomwe anakulira, akucheza ndi odzamuona. Nyumba yosungira zithunzi zake inatsegulidwa ku Bomontiada pa tsiku lomwe anakwanitsa zaka 90. Patangotha miyezi iwiri, pa 17 Okutobala 2018, anatisiya. Anthu anasonkhana pa bwalo la Galatasaray kudzamutsanzika, ndipo anakamuika m'manda a Aameniya ku Şişli.