Montreal Royals, timu imene inatayidwa ngati chitsononkho

Mu 1946 Chipata yathu inali Fort Jameson, ndipo m'mashopu ambiri a azungu m'dziko muno munthu wakuda ankagulira pawindo. Chaka chomwecho ku Canada, Montreal Royals, timu ya ligi yaing'ono ya baseball, masewera omenya kampira ndi ndodo, inalowetsa Jackie Robinson, munthu wakuda, m'ligi imene kwa zaka zambiri inali ya azungu okhaokha. Anali mayeso: eni timuyo, a Brooklyn Dodgers, ankafuna kuona ngati angapirire kutukwanidwa. Anapirira, anamenya kuposa onse m'ligimo, Royals n'kutenga chikho. Mu 1947 a Dodgers anamutenga.

Chimandiwawa ine n'chotsatira. A Dodgers atasamukira ku Los Angeles, oonerera ku Montreal anapitiriza kuchepa, ndipo itatha sizoni ya 1960 timuyo inafa. Bwalo lake, Delorimier, analigumula. Pamalopo pali sukulu.