Zitosi za Nkhunda ndi Fumbi la Nyenyezi

Nkhani imene ndakhala ndikuiwerenga sabata ino inayamba ndi zitosi. Mu 1964, Arno Penzias ndi Robert Wilson ankamva phokoso losatha mu mlongoti wawo ku Holmdel, New Jersey. Anathamangitsa nkhunda, nakolopa zitosi, koma phokosolo silinachoke. Osadziwa kuti kunali kuwala kwakale kwambiri, kumene kunayamba ulendo chilengedwe chili ndi zaka 380,000 zokha.

Kukupeza kunali chiyambi chabe. Mafunde a kuwalaku amapendekera mbali ina pang'ono, ngati udzu womwe mphepo yaugoneka, ndipo kupendekerako kumanena zimene zinachitika pachiyambi penipeni. Vuto n'lakuti kuwalaku n'kozizira: madigiri 2.7 okha pamwamba pa malire a kuzizira konse. Ndiye chipangizo chofunda chimangomva phokoso lake lomwe, basi.

Setilaiti ya WMAP, yomwe inaponyedwa mu 2001, inkagwiritsa ntchito zokuzira mafunde, zachibale ndi za mu wailesi. Planck, ya mu 2009, inanyamulanso tizipangizo 52 totchedwa bolometer, tomwe timayeza kuwala pomva kutentha kumene kumabweretsa. Tina tinalukidwa ngati ukonde wa kangaude. Tina 32 tinali ndi timawaya toloza mbali imodzi, kuti tizigwira mafunde a mbali imeneyo yokha. Tonseti tinaziziritsidwa kufika pa 0.1, pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno. Mpweya woziziritsira utatha mu January 2012, ntchito yawo inathera pomwepo.

Koma chimene chinandigwira mtima n'ichi. Mu March 2014, gulu la BICEP2, lomwe linkayeza lili ku South Pole, linalengeza kuti laona chizindikiro cha kufufuma kwadzidzidzi kwa chilengedwe chitangobadwa. Dziko linaomba m'manja. Kenako zimene Planck inayeza pa 353 GHz zinasonyeza kuti fumbi la mu mlalang'amba wathu nalo limapendeketsa kuwala. Magulu awiriwa anakhala pamodzi, ndipo mu 2015 anavomera kuti umboni uja sunalipo. Linali fumbi, abale!

Ine sindikuonapo manyazi apa. Penzias anakolopa zitosi asanakhulupirire makutu ake. Awa anavomera fumbi pagulu. Panopa dziko la Japan likukonza setilaiti ina, LiteBIRD, kuti ikafunefunenso chizindikiro chomwecho, ndipo fumbi lija likuidikira komweko.