Kulowa seguro ya moyo muli ndi kolesterolo yokwera

Mwina munapita kucipatala, anakutengani magazi, ndiye adokotala n'kukuuzani kuti mafuta a m'magazi, amene papepala amalemba kuti colesterol, akwera. Tsopano mukufuna kulowa seguro ya moyo kuti ana asadzavutike inu mutatsogola, kapena banki yakuuzani kuti ngongole situluka popanda seguro. Kodi akulandirani? Nthawi zambiri inde, amalandira. Kolesterolo payokha sikawirikawiri kumukanitsa munthu. Coopsa kwambiri ndi kubisa vutoli polemba mapepala, cifukwa bodza la lero lingadzasiye banja lanu cimanjamanja.

Seguro ya moyo n'ciyani?

Ndi pangano la inu ndi kampani. Inu mumalipira ndalama mwezi uliwonse kapena kamodzi pacaka. Mukamwalira panganolo lidakali ndi mphamvu, kampani imapereka ndalama zimene munagwirizana kwa anthu amene munawalemba. Anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia amati inshuwaransi. Kuno ku Mozambique kuli makampani monga EMOSE, imene inakhazikitsidwa mu 1977, Hollard ndi Fidelidade Ímpar, ndipo pali bungwe la boma limene limawayang'anira. Ife a ku Chifunde, kaya ndi ku Mualadzi, ku Nsadzu kapena ku Cassacatiza, kawirikawiri seguro timakumana nayo m'njira ziwiri: kupita tokha ku maofesi mumzinda wa Tete, kapena potenga ngongole kubanki, monga amacitira aphunzitsi ndi ena ogwira nchito m'boma.

Kampani imaopa ciyani pa kolesterolo?

Kolesterolo ndi mafuta amene thupi limawafuna ndithu. Ambiri amapangidwa ndi ciwindi canu comwe, ena amacokera ku zakudya. Ikaculuka imamatirira m'kati mwa mitsempha, njira ya magazi n'kumacepa pang'onopang'ono, ngati paipi ya pamjigo yodzala ndi dothi. Mapeto ake angakhale matenda a mtima kapena kufa ziwalo, kumene ambiri timati trombose. Vuto lake n'lakuti sipweteka. Munthu amalima, amapalasa njinga bwinobwino, osadziwa kanthu. Ngakhale woonda angakhale nayo, ndiye musamati ndi matenda a mabwana okha ayi. Kwa ena ndi yakumtundu.

Kampani imawerengera kuti mwina munthu wotere angamwalire msanga, conco imafuna kudziwa kuti vutolo lafika pati ndiponso ngati mukulisamala.

Manambala a papepala lanu

Kuyeza kwake papepala amalemba kuti perfil lipídico. Ngati pacipatala ca kwanu palibe cipangizo cake, pemphani kuti akulembereni kalata yopita nayo ku Hospital Provincial de Tete. Nthawi zina amakuuzani kuti mubwere musanadye kanthu kwa maola 9 mpaka 12. Zotsatira zikatuluka, yang'anani mizere itatu iyi:

Colesterol total: ndi kolesterolo yonse pamodzi. Yabwino ndi yosafika 200 mg/dL, kapena pafupifupi 5 ngati alemba mu mmol/L. Kuyambira 240 mg/dL kupita m'mwamba imeneyo ndi yokwera.

LDL: iyi ndi ija yomatirira m'mitsempha. Ikacepa ndiye bwino.

HDL: iyi imathandiza kucotsa mafuta m'mitsempha. Ikakwera ndi nkhani yabwino, ndipo kwa abambo isatsike pansi pa 40 mg/dL.

A seguro sayang'ana nambala imodzi yokha. Amagawa kolesterolo yonse ndi HDL. Munthu wa 220 amene HDL yake ndi 55 amapeza 4, pamene wa 220 yemweyo koma HDL ili 30 amapitirira 7. Woyambayo ali pabwino kusiyana ndi waciwiriyo, ngakhale nambala yaikulu ija ndi yofanana.

Zina zimene adzakufunsani

Adzafuna kudziwa zaka zanu, msinkhu ndi kulemera kwa thupi, tensão, shuga, mankhwala amene mukumwa, komanso ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anadwalapo mtima adakali wamng'ono. Za fodya sizilephera. Kwathu kuno fodya ndi mbewu yathu, koma kulima ndi kusuta ndi zinthu ziwiri. Wosuta, ngakhale fodya wopicira yekha, amalipitsidwa zambiri, ndipo kusuta kukaphatikizana ndi kolesterolo ndi tensão mtengo umakwera kwambiri.

Akaona zonsezi, yankho limakhala limodzi mwa awa: kukulandirani pa mtengo wa aliyense, kukulandirani koma n'kuwonjezera ndalama ya pamwezi, kukuuzani kuti mudikire miyezi ingapo mudzayezetsenso, kapena kukana. Kukana kumacitika makamaka ngati manambala ali m'mwamba kwambiri munthu osalandira cithandizo ciliconse, kapena ngati anadwalapo kale mtima.

Ena amaopa kuchula mankhwala, ati kampani iwayesa odwala kwambiri. Iyayi. Ngati adokotala anakupatsani sinvastatina kapena atorvastatina, mukumwa mosadumphitsa ndipo manambala atsika, umenewo ndi umboni woti mukudzisamala.

Nenani zoona, ndipo werengani musanasaine

Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo la seguro m'dziko muno, Decreto-Lei 1/2010, limafuna kuti wolowa seguro anene zonse zimene akudziwa zokhudza ngozi imene kampani ikusenza. Mukabisa dala, kampani ingathe kuthetsa panganolo. Taganizani: mwalipira zaka 6 osaphonya, mwamwalira, akazi anu kapena amuna anu akwera galimoto mpaka ku Tete ndi mapepala m'manja, ndiye kumeneko n'kupeza kuti kucipatala munkalandira mankhwala a kolesterolo pomwe papepala la seguro munalemba kuti não. Ndalama zingakanike kutuluka, ndipo ngati inali seguro ya ngongole, nkhani ya ngongoleyo ingatsalire a pakhomo.

Mafunsowo amakhala m'Cipwitikizi, zilembo zake zing'onozing'ono. Wogulitsa seguro ali pacangu angakuuzeni kuti, “Ingosainani apa, zinazo ndilemba ndekha.” Musalole. Muuzeni awerenge funso lililonse mokweza, amasulire m'Cinyanja, inu muyankhe nokha. Ngati kuwerenga mukadaphunzira, palibe camanyazi. Tengani mwana wanu wamkulu kapena munthu amene mumamukhulupirira. Mukasaina, pemphani kope lanu.

Mawu awa muwadziwe: apólice ndi pepala la panganolo, prémio ndi ndalama imene mumalipira, capital seguro ndi ndalama imene banja lidzalandire, beneficiário ndi munthu wodzalandira, exclusões ndi imfa zimene kampani siilipira, ndipo período de carência ndi nthawi yodikira seguro isanayambe kugwira nchito.

Konzekerani musanapite

Sonkhanitsani BI, NUIT, zotsatira za magazi zatsopano ndi mapepala a mankhwala. Ngati si zacangu, dzipatseni miyezi itatu yosintha kadyedwe, kenako mukayezetsenso. Cepetsani nyama ya mafuta monga ya nkhumba, zokazinga, majarini ndi mafuta othira mu ndiwo. Nyemba, nandolo, masamba otendera, nsomba ndi nsima ya mgaiwa ndi zabwino, ndipo zambiri mwa izi zili kale m'munda mwanu. Fodya musiye, mowa mucepetse. Mankhwala musasiye kumwa popanda mawu a adokotala. Funsani mtengo ku makampani awiri kapena atatu, cifukwa sawerengera mofanana.

Nanga akakana?

Funsani cifukwa cake, ndiponso ngati mungadzabwerenso manambala atatsika. Ilipo seguro ya maliro, seguro de funeral, imene nthawi zambiri safuna kuyeza magazi, koma ndalama zake n'zocepa ndipo imakhala ndi nthawi yodikira. Ngati muli panchito, funsani ngati pali seguro ya gulu ya anchito onse, cifukwa mafunso a zaumoyo amakhala ocepa. Komanso INSS imalandira ngakhale anthu odzilemba okha nchito, ndipo wosonkha akamwalira atakwaniritsa zofunika, banja limalandira thandizo la maliro ndi penshoni ya otsala.

Ikatheka seguro, lembani maina a odzalandira monga alili pa BI kapena pa kalata ya kubadwa. Apólice muisunge m'pulasitiki pamalo osafika ciswe ndi mvula, ndipo muuze akunyumba kumene mwaiika.