Kuchoka pa Nkaya kukafika ku Nayuchi

Mu 1952 ku Hollywood kunatuluka filimu yotchedwa Denver and Rio Grande, ya makampani awiri olimbirana mpata wodutsitsa njanji m'mapiri a Colorado. Ojambulawo sanachite zachibwana: anagundanitsa sitima zenizeni ziwiri. Koma ukaima pa Nkaya m'boma la Balaka, pamphambano ya njanji, umadzifunsa kuti nkhani yathuyi ikuchepera pati.

Njanji inafika ku Balaka atsamunda akuitalikitsa kuchoka ku Blantyre kupita ku Salima. Ntchitoyo inatha mu 1935, chaka chomwenso mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa. Fodya ndi tiyi yense ankalowera ku Beira basi.

Kamuzu Banda sizinamukwanire. Ankafuna khomo lachiwiri lotulukira kunyanja yamchere, ndipo maso ake anali pa doko lakuya la Nacala. Ndalama zomangira njanji yolowera kumeneko zinachokera ku South Africa ya tsankho, dziko lomwe atsogoleri anzake ankalithawa ngati khate. Anthu analankhula, iye sanatembenuke. Mu 1970 njanji ya makilomita pafupifupi 100 inatsegulidwa. Imanyamuka pa Nkaya, n'kuwoloka Shire pa Liwonde, n'kukhotakhota m'zitunda za Machinga, kenako n'kutsetserekera m'chigwa cha pakati pa Chilwa ndi Chiuta mpaka pa Nayuchi. Kutsidya kwa malire ndi Entre Lagos, dzina la Chipwitikizi lotanthauza kuti pakati pa nyanja. Apwitikiziwo potcha dzina sananame.

Chimwemwe chake sichinapite patali. Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itakula, njira ya Nacala inatsekeka mu 1984, ya Beira itatsekeka kale. Mafuta ndi feteleza zinayamba kuyenda pamalole kuchokera ku Durban ndi Dar es Salaam, ndipo wolipira mtunda wonsewo anali mlimi wa ku Ntaja.

Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya CEAR. Koma chinaidzutsa kwenikweni ndi malasha a ku Moatize. Kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga njanji yatsopano kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno kudzalumikiza pa Nkaya, n'kukonzanso ya ku Nayuchi. Lero sitima ya malasha ikamadutsa, mabogi oposa 100, wakabaza amatsika panjinga, mayi amatula mtolo wa nkhuni, ana amawerenga mpaka kusokoneza. Malashawo amangodutsa pano. Yomwe imadyetsa anthu ndi sitima yonyamula anthu, ija amayi amaithamangira ndi malichero a matemba ndi mpunga, kugulitsira pazenera isananyamuke.

Anyamata amene anaphwanya miyala ndi kusenza zitsulo njanji ya 1970 ija ikumangidwa, lero ndi agogo a zaka za m'ma 70 ndi 80. Inu a mafilimu, nyamulani makamera mukawapeze ku Liwonde ndi ku Nayuchi akadali ndi mawu.