House sinabadwire ku Joni

Funsani achinyamata ochezera gule kumapeto kwa sabata ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti nyimbo za house kwawo nkuti, ambiri akuuzani kuti ndi za ku Joni. Ena, ozolowera kuonera zikondwerero zikuluzikulu pa YouTube, anena kuti ndi za azungu a ku Ulaya. Oyambawo sindingawadzudzule kwenikweni, pakuti house inatipeza kuno kudzera ku South Africa, m'makaseti ndi ma CD a abale obwera kutchuthi komanso pa Channel O. Koma mchombo wa nyimbozi unakwiriridwa ku Chicago, m'dziko la America, ndipo eni ake anali achinyamata akuda amene ambiri mwa iwo sanadyerere thukuta lawo.

Mizu yake ili mu disco ya ku New York ya m'zaka za m'ma 1970. Kumeneko nkomwe Frankie Knuckles, wobadwira ku Bronx mu 1955, anaphunzirira u-DJ limodzi ndi mnzake Larry Levan. Mu 1977 Robert Williams anamuitanira ku Chicago kuti azikaika nyimbo pamalo ake atsopano, nyumba ya njerwa ya pa 206 South Jefferson Street, yotchedwa Warehouse. Mowa sunkagulitsidwa, munkangopezeka madzi, juwisi ndi zipatso, ndipo gule ankayamba Loweruka pakati pa usiku mpaka Lamulungu dzuwa litakwera. Ovina ambiri anali amuna akuda okonda amuna anzawo, anthu amene malo ena azisangalalo ankawabweza pakhomo. Dzina loti house ambiri amati linadulidwa kuchokera ku dzina la nyumbayi.

Patangotha zaka ziwiri, mumzinda womwewo munachitika zimene ine ndimaziona ngati chiyambi chenicheni cha nkhaniyi. Madzulo a pa 12 July 1979, pabwalo lina la baseball panakonzedwa masewero awiri otsatizana. Pofuna kukopa anthu, okonza analengeza kuti aliyense wobwera ndi lekodi ya disco alowa ndi masenti 98 okha, ndipo malekodi onsewo adzaphulitsidwa pakati pa bwalo masewero oyamba akatha. Panafika anthu pafupifupi 50,000, ochuluka kuposa mipando, ambiri anyamata achizungu okonda rock. Ena analowa pokwera mipanda. Amene malekodi awo sanatoleredwe pageti anayamba kuwaponya m'bwalo masewero ali mkati. Bokosi la malekodi litaphulika linasiya dzenje pakapinga, ndipo chikhamu chinakhamukira m'bwalo, chikuzula kapinga ndi kusonkha moto. Apolisi anamanga anthu 39, masewero achiwiri osaseweredwa.

Pakati pa achinyamata olondolera anthu pageti tsikulo panali mnyamata wakuda, Vince Lawrence, amene ankagwira ganyuyo kuti asunge ndalama zogulira synthesizer. Iye wakhala akufotokoza kuti malekodi ambiri amene anthu ankabweretsa sanali a disco nkomwe. Anali a soul ndi funk, bola woimba akhale wakuda. Okonza mwambowo akhala akunena kuti cholinga chawo chinali nthabwala chabe, koma umboni wa mnyamata wapagetiyu ine sindingaukankhire pambali. Chidani cha usiku umenewo sichinali pa ng'oma zokha, chinakhudzanso anthu ovina ng'omazo.

Disco inali itayamba kale kutopetsa msika, ndipo pasanapite nthawi mawailesi ndi makampani akuluakulu anaitaya. Knuckles anatsala ndi anthu ofuna kuvina koma malekodi atsopano akusowa. Anayamba kujambula nyimbo zakale za soul ndi disco pa tepi yaikulu ya mawilo awiri, tepiyo nkumaidula ndi lezala ndi kuilumikizanso, kuti kachigawo kamene kamautsa ovina kabwerezedwe kangapo. Ankasakanizamo nyimbo za makina zochokera ku Italy. Atachoka ku Warehouse mu 1982 nkutsegula malo ake otchedwa Power Plant, anagula makina oimba ng'oma a Roland TR-909 kwa Derrick May wa ku Detroit, nayamba kuwaliza pansi pa malekodi. Kugunda kuja kofanana kanayi, du du du du, kumene lero kumagwedeza mabala ndi maminibasi athu, kunakhwimira m'zipinda zimenezo. Pawailesi ya WBMX, ma DJ asanu otchedwa Hot Mix 5 anafikitsa kaimbidweka kwa ana asukulu a mumzinda wonse kuyambira mu 1981.

Mu 1984 munatuluka "On and On" ya Jesse Saunders, imene ambiri amaitenga ngati lekodi yoyamba ya house. Mmodzi mwa amene anailemba naye anali Vince Lawrence yemwe uja. Nyimboyo inamveka kuti yapangidwa ndi zida zochepa, ndipo mphamvu yake inagona pomwepo: anyamata ena ataimva anadziuza kuti nawonso angathe. Marshall Jefferson ankagwira ntchito ku positi pamene anapanga "Move Your Body" mu 1986, chaka chomwe Larry Heard anatulutsa "Can You Feel It".

Nkhani imene imandikomera koposa ndi ya kabokosi ka TB-303. Anakapanga mu 1981 kuti kazilowa m'malo mwa woimba gitala ya besi, koma kanalephera ntchitoyo moti mu 1984 anasiya kukapanga. Kanayamba kupezeka motchipa ngati malaya a pa kaunjika. DJ Pierre, Spanky ndi Herb J, amene ankadzitcha Phuture, anagula kamodzi pa madola 40. Posadziwa kakonzedwe kake, Pierre anayamba kupotokola timabatani kabokosiko kakulira, ndipo kanatulutsa phokoso lonyung'unyuka, lokwera ndi kutsika, losafanana ndi chida chilichonse. Tepi yake anakaipereka kwa Ron Hardy, DJ wa ku Music Box. Malinga ndi Pierre, ulendo woyamba ovina anachoka pabwalo. Hardy sanagonje. Anaibwereza mpaka kanayi usiku womwewo, ndipo pofika ulendo wachinayi anthu anali akukuwa ndi kudumpha. Nyimboyo inatuluka mu 1987 ndi dzina loti "Acid Tracks".

Nthawi imeneyo nyimbozi zinali zitawoloka kale nyanja. Mu January 1987 "Jack Your Body" ya Steve "Silk" Hurley inafika pa nambala 1 ku Britain, ndipo chilimwe cha 1988 achinyamata a ku London ndi Manchester anapenga ndi acid house. Kwawo ku America mawailesi anali akutembenukira ku hip hop, malo ovinira akutsekedwa, Edzi ikutenga ambiri mwa ovina oyambirira aja. Hardy anamwalira mu 1992 ali ndi zaka 33, ndipo zambiri zimene tikumva za luso lake lero ndi makaseti amene anthu anajambula akuvina.

Ku South Africa, ma DJ ngati Vinny Da Vinci, Christos ndi Oskido ankaika malekodi a house oitanitsa kunja. Anthu a m'makomboni anaikonda ikachepetsedwa liwiro, ndipo ataikamo mawu a zilankhulo zawo kunabadwa kwaito, ndi magulu ngati Boom Shaka. Pambuyo pake Durban inabala gqom, Gauteng nkubala amapiano, ndipo mu 2022 Black Coffee analandira mphoto ya Grammy chifukwa cha chimbale chake cha Subconsciously. Zimenezi ndi zawozawo a ku South Africa, palibe angawalande, ndipo nchifukwa chake mawu oti house ndi ya ku Joni amamveka oona m'makutu.

Chimene chimandiwawa ndi momwe ndalama zinayendera. Anyamata a ku Chicago ankasayina mapepala osawamvetsa, opanda loya, ena osasayina nkomwe, nkulandira kangachepe kamodzi kokha. Ena mwa malekodi awo ankadindidwa pa pulasitiki ya malekodi akale osungunulidwa, moti ankatuluka ndi tizibuthu tolumphitsa singano. Nyimbo zomwezo zinagulitsidwanso ku Ulaya kambirimbiri, eni ake osaona kalikonse. Ulemu unabwera mochedwa: Knuckles analandira Grammy mu 1998, msewu wodutsa pa Warehouse unapatsidwa dzina lake mu 2004, iye namwalira mu 2014. Nyumbayo inatetezedwa ngati malo a mbiri ya mzinda mu 2023, anthu masauzande atasayina pempho loti isagwetsedwe. Oimba awiri a m'badwo woyamba uja anachita kukasuma kukhoti mu 2020, ndipo umwini wa nyimbo zimene anapanga m'ma 1980 anaulandira mu 2022, onse awiri atapitirira zaka 60.