Zaka 75 zosaka poizoni wa kolera

Kwa Chisemphere, kumpoto kwa Kasungu, dzinja ndi nthawi ya fodya: kuwokera, kubandira, kenako kuthyola ndi kusoka mpaka zigafa zitadzaza. Ndi nthawinso imene mvula imakokolera zonyansa m'zitsime za kudambo, alangizi a zaumoyo n'kuyamba kuyenda ndi klorini mudzi ndi mudzi. Chimene amaopa tonse tikuchidziwa. Kolera adalowa m'Malawi mu 1973, ndipo mliri umene udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 udafika m'maboma onse, Kasungu yemwe, n'kupha anthu oposa 1,700.

Komatu kachilombo kake, Vibrio cholerae, sikalowa m'magazi, sikaboola matumbo. Nanga zimatheka bwanji kuti munthu amene m'mawa anali ndi khasu, pofika madzulo maso alowa m'kati, khungu la zala lakwinyika?

Robert Koch wa ku Germany atakapeza kachilomboka ku Calcutta mu 1884, adaganiza kuti kamatulutsa poizoni. Kuganiza n'kwina, kuonetsa n'kwina. Ofufuza ambiri ankabaya nyama jakisoni m'magazi kapena m'mimba kunja kwa matumbo, kumene poizoniyo sagwirako ntchito yake. Mu 1959, ku Calcutta komweko, dokotala wa ku India Sambhu Nath De adamanga ndi ulusi chigawo cha thumbo la kalulu uku ndi uku, n'kuthiramo madzi amene tizilomboto tidakuliramo, koma titasefedwa tonse. Chigawocho chidatupa ndi madzi. Apa zidadziwika kuti wotsegula m'mimba ndi poizoni. Ntchito yotere inkayenera mphotho ya Nobel, koma De adamwalira mu 1985 osailandira.

Richard Finkelstein ndi mnzake adapatula poizoniyu payekha mu 1969, ndipo pofika 1978 machitidwe ake adadziwika. Ali ndi tizigawo tisanu togwirira pa selo la m'thumbo ndi kamodzi kolowa m'kati. Kolowako kamadula chidutswa chotchedwa ADP-ribose kuchokera ku NAD, mankhwala amene selo limakhala nawo kale, n'kuchimata pa puloteni ya munthuyo yotchedwa Gs. Puloteniyi ntchito yake ndi kuyatsa chizindikiro kwa kanthawi, kenako n'kudzizimitsa yokha. Ikamatidwa chidutswa chija siizimanso, imakhala ngati mpopi umene wakana kutsekeka. Chizindikirocho, cAMP, chimachuluka, selo limatulutsira mchere m'thumbo, madzi n'kutsatira mcherewo. Wodwala kwambiri amatha kutaya lita yathunthu pa ola, chimbudzi chili mbuu ngati madzi otsukira mpunga.

Luso loipali si la kolera yekha. Poizoni wa diphtheria amamata chidutswa chomwechi pa puloteni ina, selo n'kusiya kupanga mapuloteni mpaka kufa, ndipo wa chifuwa chokoka mtima amachitanso zofanana. Matenda awiriwa amapewedwa ndi katemera amene ana amabayidwa ku sikelo.

Mwayi wathu ndi wakuti poizoni wa kolera amasiya njira imodzi osaikhudza, imene thumbo limamwera mchere limodzi ndi shuga. Mu 1971, pamsasa wa othawa nkhondo wa Bangaon ku India, madiripi atatha, Dilip Mahalanabis adayamba kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga, achibale eni ake akuthandiza kumwetsa. Imfa zidatsika kuchoka pa anthu 30 mwa 100 aliwonse kufika pafupifupi 4. Paketi ya Thanzi imene mayi wa pa esiteti amasungunula mu lita imodzi ya madzi owiritsa idachokera ku nzeru yomweyi.

Ena amataya mtima akaona kuti wodwala wamwa Thanzi koma kutsegula sikunaleke. Thanzi saletsa kutsegula ayi. Amabwezera madzi otayika pamene thumbo likuchotsa maselo omatidwa aja ndi kumera atsopano, zomwe zimatenga masiku atatu kapena asanu. Wodwala amene akusanza chilichonse kapena walefuka kwambiri amafunika diripi kuchipatala, ndipo ayenera kupitiriza kumwa ali pa njinga kapena m'ngolo popita kumeneko.