Kuthokoza Akufa ku Lisungwi: Kuchokera pa Nsembe Kufika pa Chiliza

Kwa Amang'anja ndi Angoni a m'chigwa cha Lisungwi, m'boma la Neno, womwalira sankapita kutali. Ankasanduka mzimu wa pabanja, wotha kutchinjiriza adzukulu, kuwayendera kumaloto, kapena kuwakwiyira akamuiwala. Motero kumuthokoza sikunkathera mumtima. Unali mwambo wokhala ndi nthawi yake ndiponso eni ake.

Mbewu zikacha, mkulu wa banja ankatenga ufa ndi mowa wamasese n'kukathira m'kachisi kapena patsinde pa mtengo, kawirikawiri msolo. Ankatchula makolo mmodzimmodzi, ena onse ali chogwada, akuwomba m'manja. Wodwala akachira kapena mlenje akabwera ndi nyama, nsembe inkathiridwanso. Pakapita miyezi maliro ataikidwa, abale ankafulula mowa wa bona, mudzi wonse n'kudzamwa pokumbukira malemu. Kutcha khanda dzina la agogo ake inalinso njira yothokozera, ndipo njira imeneyi ikadalipo mpaka lero.

Zinthu zinayamba kusintha mamishoni atafika kumtunda kwa Neno. Ansembe achikatolika a chipani cha Montfort anakhazikika ku Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist anatsegula Matandani mu 1908. Mipingo yonse iwiri inakana zothira nsembe, koma inasiyana pa chimene inaika m'malo mwake. Akatolika anasiyira anthu polowera: kupereka Misa m'dzina la womwalira, ndi kupempherera akufa onse pa 2 Novembala. A Adventist amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo ndipo sadziwa kanthu. Kwa iwo zikomo wopita kumanda alibe womumva, choncho amapita kwa Mulungu amene anapereka munthuyo.

Ufulu utabwera, boma nalo linakhazikitsa masiku ake, monga 3 Malichi wokumbukira ofera dziko mu 1959 ndi 15 Januwale wa John Chilembwe.

Koma chimene chinalowadi m'malo mwa bona kumudzi ndi chiliza. Simenti itayamba kupezeka, ana ogwira ntchito ku Blantyre kapena ku Joni anayamba kutumiza ndalama zomangira manda a makolo, n'kulembapo dzina, zaka ndi mawu othokoza. Tsiku lotsegula chiliza pamaphedwa mbuzi, abusa amapemphera, ndipo m'mabanja ena mowa umafululidwabe kuseri. Apa pali kusintha kumene ambiri sakuona. Mawu a nsembe ankalunjika kwa wakufa mwini, pamene mawu a pachiliza amawerenga ndi amoyo. N'chifukwa chake pamabuka mpikisano wa matailosi ndi miyala yonyezimira, mpaka ena kumanong'ona kuti gogo wagonera pa chiliza cha ndalama zambiri chikhalirecho ali moyo ankasowa bulangete.

Mauthenga achikumbutso a pawailesi ndi m'nyuzipepala anapititsa mawuwo kutali ndi manda. Masiku ano achinyamata a ku Lisungwi ndi ku Zalewa amaika chithunzi cha malemu pa Facebook kapena pa WhatsApp, n'kumulembera ngati akumva: mayi munatilera, tikuthokoza.